Amati Kezia Samva

Bwalo lomwe timu ya Nesta inkachitirapo pulakatisi linali kuseri kwa makina ochekera matabwa ku Chikangawa, pomwe kale ankaunjikapo zipika za paini. Dothi lake linali losakanikirana ndi utuchi, moti munthu akagwa sankasupuka, koma ankadzuka ali mbuu ngati akuchokera ku chigayo. Madzulo makina akangozima, azimayi ndi atsikana ankatsetsereka kuchokera ku komboni, ena ana ali kumsana, ena akadali m'maovololo, ndipo ankamupeza Nesta atafika kale, atakoleka wenzulo pakhosi, mpira uli m'khwapa.

Nesta anali wa ku Dedza. Anabwera kumapiri ozizirawa motsatira mwamuna wake, makanika wa malole, ndipo iye anatsegula kashopu kosokeramo maovololo ndi mayunifolomu a ana asukulu. Ali mtsikana anasewerapo ntchemberembaye ku Lilongwe ngati wotchinga kumbuyo. Mpira ankaudziwa, ndipo sankabisa kuti amaudziwa. Timu yake inali ya anthu ochokera kosiyanasiyana monga momwe analili anthu a pa kampanipo: wina wa ku Thyolo, wina wa ku Karonga, awiri a ku Ntchisi, enawo a konko ku Mzimba. Pabwalo nkhani inkayamba m'Chichewa n'kukathera m'Chitumbuka.

Kukalipa sikunali kwake Nesta. Akaona cholakwika ankaimitsa mpira, n'kupita kwa wolakwayo, n'kumufunsa motsitsa mawu kuti waona chiyani. Akamva yankho ankamuuza chinthu chimodzi choti akonze, choti angachite ndi manja kapena ndi mapazi pompo. Ankati munthu ukamusenzetsa zolakwa zambiri nthawi imodzi amagwetsa zonse. Wokalipa anali a Zondwayo, kapitao wa pa makina, amenenso anali wapampando wa timuyo. Iwo ndi amene ankapempha lole kwa mabwana timu ikamapita kokasewera, ndipo ankaona kuti zimenezo zikuwapatsa ufulu woima m'mphepete mwa bwalo ndi kukuwa kuti atsikana asewere bwino, mawu awo n'kumakamveka mpaka m'nkhalango.

Wogoletsa wa timuyo anali Kezia, mtsikana wamtali wa kumudzi wina pafupi ndi Champhira. Ntchito yake inali yolandira matabwa akamatuluka pa macheka aakulu, ndipo mikono yake inali yolimba ngati ya mnyamata. Akaima pansi pa ringi n'kukweza mpira, anzake ankayamba kubwerera pakati usanalowe n'komwe, chifukwa Kezia sankaphonya wamba. Koma chaka chimenecho anayamba khalidwe lina. Mnzake akamuitana kuti amupatsire, iye ankangoponya yekha. Nthawi zina mpira unkamumenya paphewa ngati sakudziwa kuti pabwalo pali anthu ena. Akamuyankhula ankayankha mochedwa, kapena osayankha.

Zinafika poipa tsiku lomwe anapita ku Jenda kukachita masewero opimana mphamvu. Mpira uli pafupi kutha, woyimbira anaimba wenzulo kuti wina wa ku Chikangawa wakankha mnzake. Onse anaima, koma Kezia anapitiriza, analandira mpira, nauponya mu ringi. Anthu a ku Jenda anaseka, woyimbira anamuchenjeza kuti asamuderere. Posakhalitsa Charlotte, kaputeni wa timuyo, anapezeka ali yekhayekha pansi pa ringi, akuitana mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka. Kezia sanamuyang'ane. Anaponya ali patali, mpira unagunda ringi n'kubwerera m'manja mwa adani. Jenda inapambana.

Pobwerera, pamwamba pa lole, mphepo ya ku Viphya ikuwamenya kumaso, Charlotte sanathe kudzigwira. Iye anali wa ku Thyolo, ndipo mawu ake sankazungulira.

"A Kochi, tisanamizane, mtsikana uyu samva. Akudziona ngati timu yonse ndi iyeyo. Ife tikuthamangira chiyani ngati mpira uli wa munthu mmodzi?"

Ena anavomereza ndi mitu. Kezia anali atakhala kumapeto kwa lole, atafunda chitenje, akuyang'ana mitengo. Sanatembenuke.

"Lero tatopa tonse," anatero Nesta. "Za mpira wa lero tikambirana tikagona n'kudzuka. Panopa chilichonse chomwe tinganene chikhala cha mkwiyo."

M'mawa mwake a Zondwayo anafika ku kashopu ka Nesta asanapite ku makina. Anaima pakhomo atavala chipewa chawo cha ubweya.

"Amama, mtsikana uja timusiye. Mpira amautha, enya, koma mwano chomene. Mpikisano wa ku boma wayandikira, ine sinditenga anthu kukachita manyazi ku Mzimba."

Nesta anaimitsa makina osokera. "Kuntchito amakuchitirani mwano, bambo Zondwayo?"

"Yayi, kuntchito ndi wolimbikira. Koma pa macheka palibe zoyankhulana, phokoso lake lija. Timangolozerana ndi manja, mbwenu ntchito ikuyenda."

"Ndiye mundisiyire ine. Ndikalephera ndidzakuuzani ndekha, ndipo ndidzamuchotsa ndine."

A Zondwayo anapukusa mutu n'kumapita. Nesta anakhala kanthawi dzanja lili pa nsalu, akulingalira mawu aja akuti timangolozerana ndi manja.

Pa pulakatisi yotsatira anapatsa wenzulo mayi wina yemwe anabinya bondo, iye n'kukakhala pa chipika m'mbali mwa bwalo. Sanayang'ane mpira. Anayang'ana Kezia yekha. Anaona kuti mpira ukamachokera kumanja, Kezia ankautsatira msanga kuposa wina aliyense, ndipo akamuitana wa mbali imeneyo ankamupatsira bwinobwino. Zonse zomwe anzake ankadandaula zinkachitikira kumanzere. Anaonanso kuti munthu akamamuyankhula, Kezia ankapendeketsa mutu pang'ono ndi kumuyang'ana pakamwa. Tsiku linalo Nesta anakhalanso pa chipika chomwecho kuti atsimikize, ndipo anaona zomwezo.

Sanafune kumufunsa pabwalo, pamaso pa anthu omwe anali atamuweruza kale. Pulakatisi itatha anamuuza kuti Loweruka adzere ku shopu adzayese diresi yatsopano ya timu.

Kezia anafika masana, nkhope itauma, ngati munthu woitanidwa ku bwalo la milandu. Nesta anatseka chitseko, namupatsa diresi yobiriwira yomwe inali isanapindidwe m'munsi. Kezia ataivala, Nesta anagwada n'kuyamba kubaya mapini. Anaonetsetsa kuti wagwada kumanja kwake.

"Ku Jenda kuja, chigoli chako cha m'chigawo chachiwiri, chija unamunamiza wotchinga ngati ukupita kumzere n'kubwerera, ndinachiona. Mapazi ako anali bwino zedi. Zimene zija sindinakuphunzitse ndine."

Mapewa a Kezia anatsika pang'ono.

"Ndiye pali china chomwe ndaona, ndipo ndikufuna undithandize kuchimvetsa. Mnzako Marjory akakuitana kuchokera kumanja umamupatsa mpira asanamalize kutchula dzina lako. Charlotte akakuitana kuchokera kumanzere suyang'ana n'komwe. Wenzulo wa ku Jenda uja woyimbira anali kumanzere kwako. Iweyo ukuona kuti chikuchitika n'chiyani?"

"Ngati mukufuna kundichotsa, a Kochi, mbwenu chotsani. Ndamva kale kuti adada Zondwayo anabwera kuno."

"Ndikanafuna kukuchotsa sindikanaononga nsalu yanga kukusokera diresi. Ndakufunsa funso."

Kezia anayang'ana pansi. Kunja lole ya matabwa inadutsa, mawindo a shopu ananjenjemera. Itapita, anayankhula motsitsa mawu.

"Khutu ili la kumanzere linayamba chaka chatha. Poyamba linkangolira ngati muli nkhululu ndikaweruka, m'mawa n'kusiya. Pano silisiya. Munthu akayankhula mbali iyi ndimangomva ngati ali pansi pa madzi."

"Wauzapo ndani?"

"Palibe. Mabwana akadziwa adzati munthu wosamva sangaime pa macheka, angachite ngozi. Mbwenu ntchito yatha. Kumudzi kuli amama ndi mwana wanga, onse akuyang'ana ine. Bola azinditi wamwano. Chonde, a Kochi, musauze munthu."

Nesta anachotsa pini yomwe inali pakamwa pake, naimirira kuti ayang'anane maso ndi maso.

"Nkhaniyi ndi yako, sindiitulutsa. Koma ndikuuze ziwiri. Choyamba si cha mpira: khutu limenelo likufunika dokotala, ndipo linzakelo likufunika kulitchinjiriza lisanayambe nalonso. Tikapita ku boma ndidzakuperekeza kuchipatala ndekha. Chachiwiri ndi cha mpira, ndipo n'chaching'ono. Ukalandira mpira, usanayang'ane ringi, tembenuza mutu kumanzere kamodzi. Basi. Zina zonse uzisiye momwe zilili, zili bwino."

"Chokhacho?"

"Chokhacho. Zotsalazo ndi ntchito yanga."

Lolemba Nesta anabwera ndi lamulo latsopano pabwalo. Anati sabata imeneyo azisewera osayankhula. Wofuna mpira aonetse ndi dzanja pomwe akuufuna, woponya ayambe wayang'ana mnzakeyo m'maso. Aliyense wotulutsa mawu, mpira upite kwa timu inayo. Anawauza chifukwa chomwe chinali choona ndithu: ku boma kudzakhala anthu ambiri, ng'oma ndi mavuvuzela, ndipo palibe yemwe adzamve mnzake. Tsiku loyamba kunali kuseka kokhakokha, mpira ukugwera m'utuchi, azimayi akudzigwira pakamwa. Pofika kumapeto kwa sabata mpira unkayenda kuchokera kumbuyo mpaka ku ringi osagwa, ndipo chomwe chinkamveka chinali mapazi okha. Kezia ankatembenuza mutu kumanzere, nthawi zina mochedwa, nthawi zina n'kuiwaliratu. Akakumbukira, Nesta ankamuonetsa chala chachikulu ali patali. Akaiwala, ankadikira mpira uime, n'kupita kumanja kwake, n'kumufunsa kuti panthawi ija Charlotte anali pati.

Charlotte sanasangalale nazo. Tsiku lina anatsalira anzake atapita, akuthandiza Nesta kupinda malaya a pulakatisi.

"A Kochi, ine si mwana. Zonsezi mwayambitsa chifukwa cha Kezia. Timu yonse isinthe kasewere chifukwa munthu mmodzi safuna kumva anzake? Mumamukondera."

"Zoti ndinayamba ndi Kezia m'maganizo, n'zoona," anatero Nesta. "Koma tandiuza, sabata ino mipira yomwe waponya yatayika ingati poyerekeza ndi kale?"

Charlotte anaganiza. "Yachepa."

"Yachepa chifukwa kale unkaitana ndi pakamwa manja ali pansi. Munthu ankamva dzina lake koma osadziwa kuti aponye pati. Pano dzanja lako limafika pamalo mpira usanachoke kwa mnzako. Chimenecho ndi chako, si cha Kezia."

"Nanga iye mwamuuza chiyani? Ife timadzudzulidwa, iye ayi."

"Zomwe ndimauza Kezia ndimauza Kezia. Zomwe ndakuuza iwe pano sindikauza Marjory."

Charlotte anamanga mtolo wa malaya mwamphamvu kuposa momwe zinkafunikira.

Tsiku la mpikisano ananyamuka nkhungu isanachoke m'mitengo, atadzazana pa lole, madiresi obiriwira ali m'kati mwa majuzi. Atafika ku Mzimba anapeza bwalo litadzaza kale. Kunali matimu a ku Euthini, a ku Embangweni, a pa boma pomwepo, ogulitsa nzimbe ndi mandasi atazungulira, anyamata a kabaza ataimika njinga zawo kuti aonere. Masewero oyambirira Chikangawa inapambana mosavuta. Anthu anayamba kufunsana kuti timu yosayankhulayi yachokera kuti. Masana, pa ndime yolowera mu fainolo, anakumananso ndi Jenda.

Atsikana a ku Jenda anali asanaiwale. Wotchinga wawo, mtsikana wamfupi wochenjera, anamatirira kumanja kwa Kezia ngati nkhupakupa, n'kumamukakamiza kuti azilandira mpira kuchokera kumanzere. Sankadziwa za khutu, anangoona kuti mbali imeneyo ndi yomwe Kezia amachedwa. Ochemerera a ku Jenda anali ndi ng'oma ziwiri kuseri kwa ringi. Chigawo chachiwiri chili pakati, woyimbira anaimba wenzulo, onse anaima, ndipo Kezia, maso ali pa ringi, anaponya mpira n'kulowa. Chigolicho anachikana. Woyimbira anamuitana n'kumuuza kuti akabwerezanso atuluka. Bwalo lonse linakuwiza. Kuchokera pamenepo Kezia anaphonya kawiri motsatizana, ndipo popita kopumulira Jenda inali patsogolo ndi zigoli zinayi.

Atsikana anasonkhana pansi pa mtengo wa mango, akupuma mwawefuwefu. A Zondwayo anafika akuthamanga, chipewa chili m'manja, akukuwa kuti anali atanena kale. Koma Charlotte anawaposa. Anaponya botolo la madzi pansi, naima pamaso pa Kezia.

"Kodi iwe, ndiwe gonthi kapena? Wenzulo anthu onse amva, iwe wekha ayi?"

Nesta anatsegula pakamwa kuti alowererepo, koma Kezia anamutsogolera. Anagwira khutu lake la kumanzere, nayang'ana Charlotte, kenako a Zondwayo.

"Enya. Khutu ili likupulika yayi. Silimva. Linafera pa macheka."

Charlotte anabwerera m'mbuyo pang'ono. Nkhope yake inasintha, ngati munthu amene waponda mwana mumdima. A Zondwayo anatsitsa chipewa chawo. Marjory anayamba kufunsa kuti chinayamba liti, wina anati bwanji sananene, ndipo Nesta anaona kuti nthawi yopuma ithera pa mafunso ndi kupepesana. Anaomba m'manja kamodzi.

"Zimenezo tikambirana mpira ukatha, ndipo tikambirana bwinobwino. Panopa ndimvereni. Marjory, wotchinga wawo watseka kumanja, ndiye usalimbane naye, uziponya mpira wodutsa pamwamba, Kezia ndi wamtali kuposa iye. Otchinga, mukuchita bwino, musasinthe kalikonse. Charlotte."

"A Kochi, ine sindimadziwa."

"Ndikudziwa kuti sumadziwa. Tamvera. Woyimbira akangoimba wenzulo, iwe kweza manja onse awiri m'mwamba pomwe Kezia angakuone. Ukhale wenzulo wake. Ungathe?"

"Ndingathe."

Kenako Nesta anapita kumanja kwa Kezia, namugwira pamkono. "Mipira iwiri waphonyayi unaponya usanaponde bwino, unkathamangira kuti uchotse manyazi. Ponda kaye, pumira, kenako ponya. Mkono wako ulibe vuto."

Atabwerera m'bwalo, a Zondwayo anatsala ataima pafupi ndi Nesta. Chigawo chonse chachitatu sanakuwe. Mpira woyamba wa Marjory unadutsa pamwamba pa wotchinga wa ku Jenda, Kezia anaulandira, anaponda, anapuma, nauponya mu ringi. Pa mpira wachiwiri Kezia anatembenuza mutu kumanzere, naona Charlotte ali yekha dzanja lili patsogolo, namupatsira kuti abwezere mkati. Woyimbira akaimba wenzulo, manja a Charlotte ankakwera m'mwamba ngati a munthu wa mu tchalitchi, ndipo Kezia ankaima pomwepo. Anthu oonerera ankaseka poyamba, osadziwa kuti kaputeniyo akuchita chiyani. Pofika chigawo chomaliza zigoli zinali zitafanana, ndipo ng'oma za ku Jenda zinayamba kulira mopanda mphamvu. Chikangawa inapambana ndi chigoli chimodzi, chomwe Kezia anagoletsa ali kumapeto kwenikweni kwa mzere, wotchinga atakweza manja onse pamaso pake.

Fainolo inali nkhani ina. Anakumana ndi timu ya pa boma, atsikana achichepere omwe ankachita pulakatisi pa simenti tsiku lililonse, ndipo miyendo ya azimayi a ku macheka inali itatha. Anagonja moonekeratu. Analandira mpira watsopano ndi kachikho kakang'ono ka malo achiwiri, ndipo Marjory anakanyamula pamutu ngati ndowa, akuvina.

Anzake akuvina, Kezia anakhala pa tayala la lole, akumasula nsapato pang'onopang'ono. Nesta anaona a Zondwayo akulunjika komweko, ndipo anasendera pafupi kuti ngati pakhale mawu oipa, amvere limodzi. Kapitaoyo anaima, nazungulira mpaka kumanja kwa mtsikanayo, nakhala pansi pa udzu.

"NyaMoyo," anatero, akumutchula ndi chiwongo chake, zomwe anali asanachitepo. "Iwe ukuganiza kuti ine ndimakuwa chifukwa chiyani? Ndakalambira pa macheka ine. Makutu anga onse awiri ndi theka theka. Akazi anga amati ndimayankhula ngati ndili kutsidya la mtsinje."

Kezia anawayang'ana osakhulupirira.

"Ntchito sikutha. Mawa ndikakamba ndi mabwana, upite ku yadi kosankha matabwa, kutali ndi phokoso. Ndipo zotseka m'makutu zija tinapempha kalekale, ulendo uno ndikazifunsa mpaka atope nane. Kuli anyamata ena ku macheka amene ndikuwakayikira kuti nawonso sakumva bwino."

"Yewo chomene, adada," anatero Kezia. Mawu ake anali ochepa, koma nsapato ija anaimasula msanga.

Nesta ndi Kezia sanakwere lole. Anagona kwa mlongo wake wa mwamuna wa Nesta, pafupi ndi msika, ndipo Lolemba m'mawa anakaima pamzere kuchipatala. Dokotala atamuyeza anati khutu la kumanzere silingabwererenso monga kale, koma la kumanja likadali bwino, ndipo likhala choncho ngati atalikirana ndi macheka. Anawalembera kalata yoti akaonane ndi akatswiri ku Mzuzu. Kezia anamva zonsezo osagwetsa msozi. Potuluka anagula nthochi, napatsako Nesta, nafunsa ngati pulakatisi iliko Lachitatu.

Inaliko. Nesta anafika msanga monga mwa nthawi zonse, koma anapeza Charlotte atafika kale, atakhala pa chipika, akupopa mpira watsopano uja.

"Ndinakapepesa kwa Kezia dzulo," anatero Charlotte osadzutsa mutu. "Anandiphikira tiyi. Nkhani imeneyo yatha. Ine ndabwera ndi yanga. Mu fainolo muja, ine ndinalakwitsa pati? Musandinyengerere."

Nesta anakhala pambali pake. "Iweyo unaona chiyani?"

"Ndinatopa."

"Onse anatopa. Koma iwe ukatopa umasiya kubwerera kudzathandiza otchinga, umaima pakati kudikira mpira ukupeze. Wapakati wawo anazindikira zimenezo m'chigawo chachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo ankadutsa kumbuyo kwako momwe wafunira."

Charlotte anasiya kupopa. "Chigawo chachiwiri n'zoona. Koma chachitatu munandiuza ndinu kuti ndikhale kutsogolo, ndizidyetsa Kezia. Ndinachita zomwe munanena."

Nesta anakumbukira, ndipo anagwedeza mutu. "Ndinatero. Pamenepo ndiye ndinayenera kubweza Marjory m'mbuyo kuti atseke malo ako, ndipo sindinamubweze. Lero tiyeserera zimenezo: iwe ukapita kutsogolo, ndani akutsalira. Ukawafotokozere ndiwe, ine ndiziyang'ana."

"Ine?"

"Unaziona uli m'bwalo. Ine ndinaziona ndili kunja."

Kumtunda makina anazima, ndipo phokoso lomwe munthu amaliiwala kuti lilipo linasiya mwadzidzidzi. Charlotte anadinikiza mpira ndi zala ziwiri, naona kuti walimba, naimirira kukajambula mizere ndi kamtengo pomwe mvula ya usiku inafufuta.